Njuci M'dimba la Sukulu, ndi Jekeseni Wodzibaya Yekha

(Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a m'boma la Chama)

Ana ambiri akalumidwa ndi njuci kapena mabvu angotupa pamalo polumidwapo, ndipo dzuwa lisanalowe aiwala. Koma alipo ena owerengeka amene thupi lao lonse likana ululu umenewo. Patangopita mphindi zocepa milomo ndi lilime zitupa, kupuma kubvuta, mwana amva cizungulire nagwa. Madokotala amacha bvutoli anaphylaxis, ndipo mankhwala oyamba kupereka ndiwo adrenaline.

Pali cipangizo conga colembera cacikuru, cokhala ndi mankhwalawo ndi singano yobisika m'kati. Codziwika koposa ndico EpiPen, cimene cinaloledwa ku America m'caka ca 1987, ndipo nzeru yace inacokera ku zipangizo zimene asilikari ananyamula kunkhondo. Ca akuru cikhala ndi 0.3 mg, ca ana ang'ono 0.15 mg.

Mphunzitsi agoneke mwanayo cagada, miyendo itakwezedwa. Ngati kupuma kwakanika ndithu, amkhazike pansi, miyendo yotambasula. Acotse cibvundikiro ca buluu, nakanikize kolimba mbali ya olenji pakati pa nchafu, ca kunja, kufikira cimveka kulira, nagwire pomwepo masekondi 3. Kubvula kabudula nkosafunika, pakuti singano ipyoza nsaru. Mphindi 5 zikapita wosaona kusintha, abaye caciwiri ngati ciripo.

Apa ndi pamene anthu okoma mtima alakwa kawirikawiri. Mwana akatsitsimuka amuimiritsa kuti ayende kunka ku ofesi ya sukulu. Asatero konse, pakuti mwazi uli wocepa kumtima, ndipo ena afa cifukwa ca kuimirira kokhako. Amnyamule ali cigonere kufikira ku cipatala, ngakhale aoneke wocira, cifukwa bvutolo likhoza kubweranso patapita maora. Wolumidwa ndi njoka cipangizoci sicimcotsera ululu. Iyeyo afunika mankhwala ena a ku cipatala.

Kuno ku cigwa ca Luangwa zipangizozi nzosowa ndi zokwera mtengo, ndipo kutentha kwa mwezi wa October kuononga mankhwala osiyidwa padzuwa. Zipatala zimabaya adrenaline ndi jekeseni wamba. Cotero mvula isanayambe, mitsinje isanatseke njira, mphunzitsi wamkuru afunse makolo ngati alipo mwana amene anatupapo thupi lonse ndi njuci, nalembe dzina lace, napite kukapangana ndi a cipatala capafupi.