Laputopu Yopirira Kutentha ndi Chinyezi cha m'Chigwa cha Shire

Mkulu woona za makompyuta ku khonsolo walangiza makomiti a chitukuko kuti asamakopeke ndi kutsika mtengo pogula malaputopu ochitira kafukufuku m'midzi. Poyankhula kwa mamembala a makomitiwa ndi achinyamata ochita kalembera, iye anati laputopu ikafa ntchito ili mkati, mayina a anthu amatayika nayo limodzi. Anawakumbutsa za namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023, pamene thandizo linkaperekedwa potsata mndandanda wa mabanja okhudzidwa. Pa nthawi ngati imeneyo, banja limene dzina lake lasowa limabwerera chimanjamanja.

Mkuluyu anafotokoza kuti malaputopu ambiri anapangidwa kuti azigwira ntchito pamalo otentha osapitirira madigiri 35, chonsecho kuno ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kufika madigiri 40. Kutentha kotereku kumafooketsa batire, mwinanso kuitupitsa. Chinyezi cha m'dzinja chimachititsa dzimbiri m'kati mwa makina, pomwe fumbi la m'chilimwe limatseka timabowo totulukira mpweya wotentha.

Choncho anatchula zinthu zitatu zoti komiti ifunse isanatulutse ndalama. Choyamba ndi mmene laputopuyo imasungira zolembedwa. Yokhala ndi SSD imapirira mabampu a panjinga yamoto chifukwa ilibe kachitsulo kozungulira m'kati monga zilili ndi hard disk yakale. Chachiwiri ndi umboni wa kulimba kwake. Chizindikiro cha MIL-STD-810 chimasonyeza kuti mtunduwo unayesedwa pa zovuta monga kutentha, chinyezi kapena kugwa, ndipo IP65 imatanthauza kuti fumbi sililowa komanso madzi owazidwa saiononga. Panasonic Toughbook ndi Dell Latitude Rugged zili m'gulu lolimbali koma n'zodula. Ndalama zikachepa, Lenovo ThinkPad ingathandize, bola isanyowe. Chachitatu ndi batire: ikhale yotha kusinthidwa, yopezeka m'dziko muno, ndiponso yokhalitsa kumene kulibe magetsi. Pa malaputopu a kaunjika, anati aziyesa batire pamaso pa wogulitsa.

Pa kasamalidwe, analetsa kusiya laputopu m'galimoto yotseka padzuwa kapena kuigwiritsa ntchito pamatiresi. Ikachoka m'chipinda chozizira, idikire kaye m'chikwama isanayatsidwe, chifukwa imachita thukuta ngati botolo lochokera m'firiji. Madzulo alionse zolembedwa zikoperedwe pa fulashi, ndipo fulashiyo isungidwe kwina.

Pomaliza anati ndalama zogulira zipangizozi ndi za anthu a m'wodi, kotero aliyense ali ndi ufulu wofunsa khansala wake, kapena pamsonkhano wa komiti, kuti kwagulidwa laputopu yanji, pa mtengo wanji, ndipo akuisunga ndani. Safunsa anadya phula, iye anatero.