Cifukwa Cace Lamya ya M'manja Imacedwa pa Tsiku la Msika

Nkhani yokambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi asodzi a ku Nyanja ya Chilwa

Anthu ambiri a ku Kachulu ndi a pa cilumba ca Chisi amadandaula kuti lamya zao za m'manja zimacedwa kutumiza ndalama za matemba, makamaka pamene anthu acuruka padooko. Kampani ya TNM inakhazikitsidwa m'caka ca 1995, ndipo ya Celtel, imene inadzakhala Airtel mu 2010, inayamba mu 1999, koma ndi owerengeka amene adziwa m'mene nsanja za makampaniwa zigawira nchito yao.

Nsanja imodzi itumikira lamya zambiri, monga mfuleni umodzi wa ku Likangala umwetsa minda yambiri ya mpunga. Lamya iri yonse ya mtundu wa 4G imauza nsanja kawirikawiri m'mene ikumvera, potumiza nambala yocokera pa 0 kufika pa 15. Nambala yaikuru itanthauza kuti njira iri bwino, ndipo nsanja itumiza zambiri panthawi imodzi. Nambala yaing'ono itanthauza kuti njira njobvuta, cotero nsanja itumiza pang'onopang'ono kuti zisatayike.

Tsono nsanja isankha lamya zoti ziyambe kulandira, ndipo icita cimeneci ka 1,000 pa sekondi imodzi. Ikadakondera okhala pafupi okha, zotumizidwa zonse pamodzi zikadacuruka, koma wa ku Chisi akadangodikira. Ikadapatsa onse nthawi yofanana, ocedwa akadacedwetsa anzao. Cifukwa cace nsanja zambiri ziyang'ana zinthu ziwiri: m'mene lamya ikumvera tsopano, ndi zimene yalandira kale. Motero wakutali apatsidwa mpata pa kanthawi kamene njira yace yakhalako bwino.

Bvuto lina ndi ili. Munthu akakhala m'galimoto lothamanga pa mseu wa Zomba kupita ku Jali, nambala imene lamya yace yatumiza ifika itatha kale nchito, popeza iye wasuntha. Nsanja itumiza zambiri pa njira imene yaipa, zina zitayika, ndipo ziyenera kubwerezedwa. Komanso lamya singatumize nambalayo kosalekeza, pakuti kutero kukadadya mpata wa mauthenga eni ace.

Cotero wofuna kutumiza ndalama aime pamalo amodzi. Aturuke m'nyumba ya malata, cifukwa malata ndi zipupa zifoketsa mphamvu ya wailesi. Aphunzitsi otumiza zithunzi ndi makalata akuru acite zimenezi m'mamawa, anthu asanacuruke. Pa nthawi ya ngozi, monga ya namondwe Freddy wa mu March 2023, uthenga wolemba waufupi ndiwo upita msanga, ndipo usiyira ena mpata woitana cithandizo.

Bvuto likapitirira, dandaulo lipite coyamba ku kampani. Likapanda kumveka, lipite ku bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 kuti liyang'anire nchito zimenezi. Aphunzitsi akupemphedwa kufotokozera makolo nkhaniyi pa misonkhano ya sukulu.