Mtsikana Akatenga Pathupi Asanakonzeke

Lero tikambirana nkhani imene anthu ambiri amachita nayo manyazi, ngakhale imachitika m'makomboni a Kitwe ndi Ndola monganso kwina kulikonse. Nkhaniyi ndi ya mtsikana amene watenga pathupi asanakonzeke, ndi thandizo limene Akhristu angampatse.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Zambia, 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pathupi poyamba. Ameneŵa ndi abale athu, ndipo ena tinali kukhala nawo pa benchi imodzi.

Tiyerekeze mtsikana wa Giredi 7 wa ku Chimwemwe mu Kitwe, kapena wa ku Chifubu mu Ndola. Wazindikira kuti ali ndi pathupi, ndipo mwamuna amene anamchimwitsa wakana. Mtsikanayo akuopa bambo ake, akuopanso kusekedwa. Mantha otere ngoopsa, pakuti mwana wamantha amadzimanga pamimba ndi chitenje kuti abise, sapita ku chipatala, ndipo mwina amamwa mankhwala osadziŵika amene angamuphe.

Kodi angathaŵire kuti? M'mipingo ya m'matauni ameneŵa muli magulu a amayi: a Chigwirizano mu Reformed Church in Zambia, a KBBK mu United Church of Zambia, a Dorika mu mpingo wa Seventh-day Adventist, ndi a Anna Woyera mu mpingo wa Katolika. Ntchito yawo yodziŵika ndiyo kuyendera odwala, amasiye ndi osauka. Kuphunzitsa amayi nakonso kunayamba kale ku Copperbelt. Bungwe la Mindolo Ecumenical Foundation linakhazikitsidwa ku Kitwe m'chaka cha 1958, ndipo linali ndi sukulu kumene amayi ankaphunzira kusoka, kuphika ndi kulera ana.

Tsono mayi wachikhristu wofuna kuthandiza mtsikana uja ayambe ndi kumvetsera, osathamangira kudzudzula. Chachiŵiri, amperekeze kwa makolo ake, chifukwa bambo wokwiya amaugwira mtima pamaso pa munthu wamkulu. Chachitatu, amtengere ku sikelo msanga. Bungwe la World Health Organization linalangiza mu 2016 kuti mayi wapathupi aonedwe ndi azaumoyo kasanu ndi katatu asanachire. Mtsikana wamng'ono ayenera kusamala koposa, popeza thupi lake silinakhwime. Chachinayi, gulu lisonkhe zofunika monga beseni, sopo, zitenje, mateŵera ndi ufa, pakuti mawu okoma okha saveka khanda.

Chachisanu ndicho sukulu. Kale mtsikana wapathupi ankachotsedwa sukulu osabwereranso. Koma m'chaka cha 1997 boma la Zambia linalamula kuti mtsikana akachira azibwerera m'kalasi. Tinene zoona: sukulu zina za mishoni zinachedwa kuvomera lamuloli, poopa kuti ena angatengere chitsanzo choipa. Komabe kutsekera mwana khomo la sukulu ndiko kulanga anthu aŵiri, mayi ndi khanda lomwe. Kuyambira mu 2022 boma linachotsa malipiro m'sukulu zake, kotero chimene mtsikanayu amasoŵa kwambiri ndi munthu womlerera mwana nthaŵi ya maphunziro. Apa agogo ndi amayi a mumpingo angathandize ndithu.

Pali zinthu ziŵiri zimene chifundo chenicheni sichilola. Choyamba ndi kumkakamiza mtsikana kukwatiwa kuti banja lichotse manyazi. Lamulo la mu 2023 limakana ukwati uliwonse wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Chachiŵiri ndi kubisa mlandu. Kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu waukulu, ndipo suthera pa mbuzi kapena ndalama. Nkhani yotere ipite ku Victim Support Unit ya apolisi. Mwana aliyense angathenso kuimba nambala 116 kwaulere.

Inu aphunzitsi, mukaona mtsikana wayamba kujomba ndi kudzipatula, muitaneni pambali, ndipo kukhale bwino ngati wolankhula naye ali mphunzitsi wamkazi. Inu ana, dikirani, nthaŵi yanu yokhala makolo idzafika. Koma mnzanu akabwerera m'kalasi atabereka, musamuseke. Mbwerekeni makope anu kuti alembe zimene zinamdutsa. Akulu anati: chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Tsopano kambiranani mafunso aŵa ndi aphunzitsi anu:

1. Nchifukwa chiyani kubisa pathupi kuli koopsa?
2. Kodi boma linalamula chiyani m'chaka cha 1997?
3. Tchulani anthu atatu a kwanu amene mungawauze vuto lotere.