Kodi Mwana Wanu Anapita ku Sukulu Lero?

Inu a ku migodi ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola, ndi inu a mu Lusaka, amene kwanu ndi ku Petauke kapena ku Nyimba, ambiri a inu munasiya ana kumudzi m'manja mwa ambuya ao kapena atsibweni ao. Mukafunsa pa lamya ngati mwana aphunzira, akuyankhani kuti, "Inde, tinamlembetsa." Yankho limeneli ndi loona, koma musakhutire nalo, pakuti dzina likhoza kukhala m'kaundula wa sukulu mwini wace ali kudambo.

Kale makolo anali kudandaula za ndalama, ndipo dandaulo lao linali lomveka. Koma mu 2002 Boma la Levy Mwanawasa linacotsa malipiro m'sukulu za pulaimale, ndipo mu 2022 Boma la Hakainde Hichilema linawacotsa kufikira ku sekondale, nililemba nchito aphunzitsi atsopano oposa 30,000. Lamulo la Maphunziro la 2011 lifuna kuti kholo lizitumiza ku sukulu mwana wa msinkhu wophunzira, ndiponso liletsa kukwatitsa mwana wa sukulu. Nanga ana asowabe m'kalasi cifukwa ninji?

Yang'anani nyengo. Sukulu itsegulidwa mu January, pamene udzu uli kulimbana ndi cimanga, ndipo dzanja liri lonse lifunika pa khasu. Ikatsegulidwanso mu May, nshawa zirikukumbidwa, thonje nalonso layera. Pa Nyimba basi ikaima pa Great East Road, amene athamangira ku mazenera ndi nthoci kawirikawiri ndi ana. Ndipo alipo anyamata amene aweta ng'ombe za munthu wina zaka zingapo kuti potsiriza alandire imodzi. Ine sindinyoza ng'ombe. Ndi cuma, ilima, ikoka ngolo. Koma mnyamata akailandira ali wamtali kale, ndipo acita manyazi kukhala pansi ndi tiana ta m'Giredi 1. Za ana a kucigwa ca Luangwa, kwa Mfumu Luembe ndi kwa Mfumu Nyalugwe, sindinena kanthu kowadzudzula: mtsinje ukadzaza kapena njobvu zikaima m'njira, kholo locenjera lisunga mwana pakhomo.

Tsopano tiwerenge pamodzi. Sabata ya sukulu iri ndi masiku asanu. Mwana wojomba tsiku limodzi lokha pa sabata ataya gawo limodzi mwa magawo asanu a maphunziro ace. Pakutha zaka zisanu wataya caka cathunthu, koma pakhomo palibe anaona kuti cirikutayika, cifukwa cinapita pang'ono pang'ono.

Coopsa ciri m'makalasi oyamba, mmene mwana aphunzira kuwerenga. Mwana wa Cinsenga afika ndi cinenero ca kwao, napeza m'buku Cinyanja, ndi Cingerezi pamwamba pace. Mphunzitsi ayamba ndi a, e, i, o, u, nabwera ku ma, me, mi, pambuyo pace ku mba ndi nkha, ciri conse cikwera pa cinzace. Amene sanalipo tsiku la nkha aona mau akuti nkhuku ngati mpanda wopanda khomo. Ciyambire 2022 makalasi ambiri adzaza kwambiri, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kubwerera m'mbuyo cifukwa ca mwana mmodzi. Mwanayo akhala cete kumbuyo, anzace amseka, ndipo m'mawa mwace anena yekha kuti mutu umpweteka. Akulu nati, "Uyu sukulu siimkonda," osadziwa kuti ndiwo anamtuma kumunda.

Inu a m'tauni muli ndi mphamvu pa nkhaniyi kuposa mmene muganizira. Ambuya satuma mwana kumunda cifukwa ca nkhanza. Msana wao watha, ndipo munda sulinda munthu. Cotero ndalama imene mutumiza pa Khrisimasi, patulaniko ina ifike mu January, kuti alembe munthu wamkulu wa ganyu kupalira. Pezani nambala ya mphunzitsi wamkulu, ndipo mumfunse kuti mwana wanu anajomba masiku angati temu imeneyi. Kaundula aitanidwa m'mawa uli wonse. Mukapita kumudzi pa chuti, tsegulani makope ace, muone madeti olembedwa pamwamba ngati atsatana. Ndipo ngati mtsikana anaima ali pa sukulu, dziwani kuti kuyambira 1997 Boma limlola kubwerera akacira. Pitani mukakambe ndi aphunzitsi malo ace asanaiwalike.