Hana ndi Amai a ku Zigafa

(Mau olalikidwa ku Kasungu, pa 1 Samueli 1)

Abale ndi alongo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, tawerenga za Hana, amene sanakwera ku Silo kufikira atamletsa Samueli kuyamwa. Koma yang'anani mwamuna wace Elikana. Ulendowo unali wa banja lonse caka ndi caka, ndipo iye anamlola mkaziyo atsale ndi mwana. Cifukwa cace lero ndinena ndi amuna koposa akazi.

Mudziwa nonse umo ikhalira nyengo yakuthyola fodya kuno kwathu. Nkhokwe zatha, mvula ili pamutu. Mai apita kumunda kusanace, masana ali pansi pa cigafa kusoka masamba, ndipo khanda latsala ndi kamlongo kace kapena ndi agogo. Likalira alipatsa madzi ndi phala lamadzimadzi, lisanakwane ndi miyezi itatu yomwe. M'mimba mutseguka, ndipo ife tinena kuti mkaka wa amace ngwocepa. Si kutero ai. Bere licurukitsa mkaka monga momwe mwana ayamwira: akayamwa kawirikawiri ucuruka, akacedwa kuyamwa uphwa. Wauphwetsa ndiye amene anaika mai kutali ndi mwana tsiku lonse.

M'caka ca 2001 a World Health Organization analangiza kuti khanda liyamwe bere lokha miyezi 6, osalawa ngakhale madzi, ndi kuyamwabe kufikira zaka 2 pamodzi ndi zakudya zina. M'Malawi muno, m'caka ca 2010, makanda 71 mwa 100 osakwana miyezi 6 analikuyamwa bere lokha; pofika 2015 ndi 2016 anatsika kufika 61. Tinabwerera m'mbuyo, abale.

Inu agogo, tikulemekezani, pakuti munatilera. Koma mkaka woyamba uja wacikasu musaufinyire pansi, ndiwo ucinjiriza mwana ku nthenda. Ndipo mpongozi wanu akatumbiza, mkaka wace sunaola. Musamcotse mwana kubere tsiku limodzi.

Tsono inu amuna, ndi inu eni minda olemba matenanti, amene muwerenga mabelo opita ku Chinkhoma osaphonya ndi limodzi lomwe: mai woyamwitsa mumpatse nchito ya pafupi ndi nyumba, adye iye poyamba, ndipo mwana akalira aleke singano. Pacigafa pakhale madzi ndi sopo, asambe m'manja asanagwire bere, pakuti cikonga ca m'masamba onyowa cilowa pakhungu.