Kodi Mkungudza wa Pakhomo Ungasanduke Bonsai?

Mawu amene mnzathu wogwira ntchito m'boma adalankhula pa msonkhano wathu wa pachaka



Ambirife tili ndi mikungudza pakhomo. Wina akaona chithunzi cha bonsai, kamtengo kokalamba kokhala m'mbale, amathamangira khasu. Luso limeneli lidachokera ku China, ndipo anthu a ku Japan ndiwo adalikulitsa. Bonsai si mtundu wa mtengo ayi, koma mtengo wamba umene mizu ndi nthambi zake zimadulidwa chaka ndi chaka. Tsono musanakumbe, yang'anani zinthu zinayi.

Choyamba, fukulani dothi pang'ono patsinde. Mizu ikhale yotambalala mbali zonse, ndipo thunthu likhale lonenepa pansi n'kumachepa pokwera. Lowongoka ngati pholo la magetsi lisiyeni.

Chachiwiri, nthambi zam'munsi zikhale ndi masamba obiriwira pafupi ndi thunthu. Apa mpamene pagona nkhani. Mkungudza wa m'mipanda uja, Cupressus lusitanica, suphukanso pa nthambi yakale yopanda masamba. Mukadula kufika pamenepo, nthambiyo yapita basi.

Chachitatu, kukula kwa masamba. Paini wa ku Chikangawa ndi ku Zomba, Pinus patula, masamba ake amapitirira masentimita 15. Pa kamtengo kolekeza m'bondo amaoneka ngati mwana wavala jekete la bambo wake.

Chachinayi, thanzi. Nsabwe za mkungudza zidayamba kuoneka muno m'Malaŵi mu 1986, ndipo zidaumitsa mipanda yambiri. Ngati nthambi zikufiira kuyambira m'kati, mtengowo sungapirire kudulidwa mizu.

Ukakhoza mayeso anayiwa, dulani mizu mozungulira tsinde nyengo ya mvula, koma muuzule nyengo yotsatira pamodzi ndi dothi lake, pakuti m'menemo muli timabowa tothandiza mizu kuyamwa chakudya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukalephera, ulekeni uzikupatsani mthunzi. Mtengo wa zaka 20 ukhoza kufa ndi changu cha tsiku limodzi.

Pomaliza, mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu kuyambira mu 1984, watsala pang'ono kutheratu. Pasapezeke munthu wophunzira pa sukulu yathu akuzula mbande kuphiri kuti akakongoletse khonde. Wofuna kuyesa lusoli akagule mbande kunazale.