Nkhunzi yobisa chende isatidyere ndalama

Mundikhululukire, lero zinthu ndizitchula ndi mayina ake.

Mathole ena aamuna amabadwa chende limodzi kapena onse awiri atatsalira m'mimba kapena m'mphechepeche. Chipangizo chathu cha Burdizzo chimaphwanya mtsempha wa chende lomwe latsika, koma lobisikalo sichilifika. Chifukwa cha kutentha kwa m'thupi, chende lotere silipanga mbewu yabwino, komabe limatulutsa mphamvu yachimuna. N'chifukwa chake ng'ombe yomwe mumati munafula imakwerabe zinzake, imachita ndewu m'khola, ndipo pagoli imavuta. Mukaisiya osafula, chende lotsika lija limabereketsa, ndipo chilemachi chikhoza kupita kwa ana ake.

Masiku ano kuli katemera wofulira ng'ombe popanda mpeni. Ubongo wa ng'ombe umatulutsa mthenga wotchedwa GnRH amene amachititsa machende kugwira ntchito. Katemerayu amaphunzitsa thupi kugwira mthengayo, ndiye machende amagona, kaya ali panja kaya ali m'mimba. Wa nkhumba, Improvac, anayamba ku Australia mu 1998. Wa ng'ombe ndi Bopriva, wa kampani ya Zoetis, ndipo alimi amugwiritsa ntchito ku Australia, New Zealand, Brazil ndi Mexico. Amabaya kawiri pansi pa chikopa, kulekanitsa masabata osachepera 3.

Koma tisathamange. Mphamvu yake imatha pakapita miyezi yochepa, ng'ombe n'kubwerera mwakale. Choncho ndi wothandiza pa ng'ombe yonenepetsa m'khola yoti ikaphedwe posachedwa, osati yokoka ngolo zaka zambiri. Amafunanso kusungidwa m'firiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Munthu akadzibaya mwangozi akhoza kusokoneza ubereki wake, ndipo mayi woyembekezera asabaye ng'ombe ndi katemerayu. Si mankhwala ogula m'thumba la munthu pamsika.

Ndiye ife ngati bungwe titani? Choyamba, pogula nkhunzi, igwireni muone ngati machende onse awiri alipo. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, nkhunzi yachilemayi isaperekedwe m'magulu opatsirana ziweto, igulitsidwe ya nyama. Chachitatu, tipemphe nthambi ya boma yoona za ziweto kuti madotolo otha kuchotsa chende lobisika pa opareshoni azifika m'madera mwathu pa masiku odziwika. Chachinayi, tipemphe nthambiyo pamodzi ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA kuti aunike katemerayu poyera ndi kutiuza mtengo wake, kuti mlimi aliyense awerengere yekha ngati pali phindu.

Kalata ya pempholi ili patebulo pano. Tonse tisainire tisanapite.